Wogula Galimoto Yakale Ayambe Walipira Mmisiri

Nchachidziwikire kuti pa zinthu zonse zimene munthu wogwira ntchito m'Boma amagula pa moyo wake, kupatula nyumba, palibe chimene chimameza ndalama zambiri pa tsiku limodzi monga galimoto. Nchachidziwikirenso kuti ambiri mwa magalimoto amene akuyenda m'misewu ya dziko lino sanafike kwa eni ake ali atsopano, koma anayamba atumikira anthu ena ku Japan, ku South Africa, ku Britain kapena konkuno. Chomvetsa chisoni nchakuti mphunzitsi, kalaliki kapena mlangizi wa zaulimi amene wadzimana kwa zaka zinayi, mwinanso watenga ngongole ku banki yoti azidulidwa pa malipiro ake mwezi ndi mwezi, amatha mphindi 20 zokha poyang'ana chinthu chimene akuperekera thukuta lake lonselo. Amaizungulira galimotoyo kawiri, naponda tayala ndi nsapato, nayatsa wailesi, nayenda nayo pang'ono pa msewu wosalala wa phula, basi nkuyamba kuwerenga ndalama. Wina akamulangiza kuti ayambe walipira mmisiri woti aiunike, iye amayankha kuti ndalama zoterozo kuli bwino athirire mafuta.

Maganizo amenewa ngolakwika, ndipo nkofunika kunena poyera kuti ngolakwika. Munthu wogula galimoto yakale ayenera kulipira mmisiri, ndipo mmisiriyo akhale wosankhidwa ndi wogula, wolipidwa ndi wogula, amene alibe chibale kapena phindu lililonse kwa wogulitsa.

Sikuti galimoto yakale iliyonse ndi chiphapha ayi. Amalawi ambiri sakanatha kukhala ndi galimoto pakanapanda malonda amenewa. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linalengeza m'chaka cha 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono akale okwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 alionse anabwera ku Africa. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto ya munthu wamba iyesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kaamba ka kukwera mtengo kwa kuyesetsako eni ake ambiri amasankha kuigulitsa idakali ndi moyo. Popeza anthu a ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga Amalawi, magalimoto awo amayenerana ndi misewu ya kuno. Choncho pakati pa magalimoto amene amaimikidwa ku Biwi mu mzinda wa Lilongwe, m'mbali mwa misewu ya ku Limbe kapena ku Mzuzu, alipo abwino ndithu. Vuto ndi lakuti wabwino ndi woipa amaimikidwa malo amodzi, atatsukidwa ndi sopo mmodzi.

Pakati pa doko ndi khomo la wogula pamachitika zambiri. Galimoto yotsikira ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 900 isanafike pa chipata cha Songwe, kawirikawiri m'manja mwa dalaivala waganyu amene akuthamangira kubwerera kuti akatenge ina. Ikalowa m'dziko muno imatha kudutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, wina naigwiritsa ntchito yonyamula anthu, wina nanyamulira matumba a chimanga m'misewu yafumbi, oyilo osasinthidwa pa nthawi yake. Zonsezi sizilembedwa pa galasi.

Katswiri wina wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za vuto lomweli m'chaka cha 1970, ndipo ntchito yakeyo inampatsa mphoto ya Nobel m'chaka cha 2001 pamodzi ndi anzake awiri. Mfundo yake inali yakuti pa malonda a galimoto yakale wogulitsa amadziwa zambiri kuposa wogula. Wogula, poopa kupusitsidwa, amatsitsa mtengo pa galimoto iliyonse. Munthu wachilungamo amene ali ndi galimoto yabwino amaona kuti mtengowo ngwachipongwe nasiya kugulitsa. Mapeto ake pa msika pamatsala zoipa zokhazokha. Apa mpamene pakuonekera kuti kuunikitsa galimoto sikuthandiza wogula yekha. Wogulitsa wachilungamo ayenera kukondwa pamene mmisiri wafika, pakuti mmisiriyo ndiye mboni yokhayo imene ingasiyanitse katundu wake ndi wa atambwali.

Tsono kodi mmisiri amaona chiyani chimene diso la munthu wamba silingathe kuona?

Choyamba iye amafuna kuipeza injini ili yozizira. Injini yotopa imadziulula m'mawa: imavuta kulira, imagogoda, imatulutsa utsi. Wogulitsa wochenjera amailiza ola lathunthu wogula asanafike, ena amathiramo oyilo wolimba kuti phokoso libisike. Mmisiri amagwira injiniyo ndi dzanja asanaiyatse, ndipo akaipeza yotentha amapempha kuti abwerenso mawa lake m'mamawa. Amayang'ana mtundu wa utsi: wabuluu umasonyeza kuti injini ikudya oyilo, woyera wosatha umasonyeza kuti madzi akulowa m'masilinda, wakuda umasonyeza kuti mafuta sakupsa bwino. Amatsegula chivundikiro cha oyilo, ndipo akapeza zoyera zonga chambiko amadziwa kuti madzi ndi oyilo zasakanikirana, chimene kawirikawiri chimatanthauza kuti gasiketi inapsa pamene injini inawira. Kenaka amachotsa mapulagi ndi kuyeza ndi chipangizo mphamvu imene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya. Silinda imodzi ikatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, ndiye kuti injiniyo ili pafupi kufuna kumasulidwa yonse, ngakhale lero ikulira mokoma.

Magalimoto ambiri ang'onoang'ono ochokera ku Japan masiku ano ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Ikathiridwa oyilo wina uliwonse imayamba kunjenjemera ndi kulira pokwera chitunda, ndipo ikafa amisiri ambiri sayikonza koma amangouza mwini wake kuti agule ina. Matenda otere saoneka pa msewu wosalala wa m'tauni. Amaoneka galimoto ikatentha, itanyamula anthu, ikukwera phiri, ndipo nchifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito yake amaumirira kuyenda nayo mtunda wautali ndi kusankha yekha msewu.

Palinso kompyuta. Galimoto za makono zimasunga mbiri ya zovuta zake, ndipo mmisiri akalumikiza makina ake pansi pa chiwongolero amawerenga zimene galimotoyo yakhala ikudandaula. Pa dashibodi pali kanyali kamene kamayenera kuyaka munthu akangotembenuza kiyi ndi kuzima injini ikalira. Alipo anthu ena osaopa Mulungu amene amachotsa kanyaliko kapena kukaphimba kuti kasayakenso. Wogula amakondwa poona kuti palibe nyali yochenjeza imene yayaka, osadziwa kuti mlonda wake anatsekedwa pakamwa. Chimodzimodzinso nambala ya makilomita: kuibweza m'mbuyo ndi ntchito ya kanthawi kochepa kwa amene ali ndi zipangizo, koma kutha kwa chiwongolero, kwa mpando wa dalaivala ndi kwa zopondera sikubwezeka. Pa galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Prius kapena Aqua, makina omwewo ndiwo amaonetsa ngati batire lalikulu lili ndi moyo, ndipo batire limenelo ndi limodzi la zipangizo zokwera mtengo koposa pa galimoto yonse.

Koma zambiri zimabisala kunsi, kumene munthu wovala suti safuna kugwada. Galimoto iyenera kukwezedwa kapena kuimikidwa pa dzenje la m'galaja. Pamenepo mpamene pamaoneka dzimbiri la magalimoto ochokera kumadera ozizira, kumene amathira mchere m'misewu pofuna kusungunula chisanu. Pamenepo mpamene pamaoneka zipsera za kuwotcherera pa chesisi, umboni wakuti galimotoyo inachitapo ngozi yaikulu niwongoledwa. Galimoto yopindika chesisi imadya matayala mbali imodzi moyo wake wonse, ndipo ikagundanso siteteza amene ali m'katimo monga anaipangira. Penti wonyezimira amatha kubisa phala lomatira pamene chitsulo chinaphwanyika. Mmisiri amayendetsapo maginito kapena chipangizo choyezera kukhuthala kwa penti, chinsinsi nkuululika. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa malonda a galimoto mawuwa safuna kumasulira.

Za madzi nazo siziyenera kuiwalika. M'mwezi wa April 2022, madzi osefukira anamiza fakitale ya Toyota ku Prospecton mu mzinda wa Durban, ndipo kampaniyo inasankha kuphwanya magalimoto atsopano amene anaonongeka ndi madziwo m'malo mowagulitsa. Anachita izi podziwa kuti galimoto yomira madzi imaola pang'onopang'ono m'mawaya ake, nkuyamba kuvuta patapita miyezi. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi madzi mu mzinda wa Blantyre ndi maboma ena a kumwera. Munthu wamba amene galimoto yake inamira alibe chuma choti angaiphwanyire. Amaiumitsa, naitsuka, naigulitsa. Mmisiri amadziwa kokayang'ana: pansi pa kapeti, m'njanji za mipando, m'malo mokhala tayala lapadera, kumene matope ouma amatsalira.

Ngakhale tayala lili ndi tsiku lake lobadwa. Pambali pake pamalembedwa manambala anayi, awiri oyamba kusonyeza sabata ndipo awiri otsiriza chaka, kotero kuti 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kuoneka la mano abwino koma lili lokalamba ndi louma, ndipo ena amabwera ndi matayala opangidwira chisanu amene sapirira phula lotentha la ku Chikwawa kapena ku Salima.

Anthu ena amatsutsa ponena kuti galimotoyo ili kale ndi chiphaso cha COF chochokera ku nthambi ya Boma yoona za pamsewu, tsono kuunikitsanso nkwachiyani? Apa pali kusamvetsa. Chiphasocho chimayankha funso limodzi lokha: kodi pa tsiku limene inayesedwa, galimotoyi inali yoyenera kuyenda pa msewu popanda kuopseza miyoyo? Oyesa amayang'ana mabuleki, nyali, chiwongolero, matayala ndi zina zotero. Si udindo wawo kunena kuti injini yatsala ndi miyezi itatu, kapena kuti mtengo umene wogulitsa akutchula ngwoyenera. Boma limateteza anthu onse oyenda pa msewu, koma thumba la wogula liyenera kutetezedwa ndi mwini wake.

Ena amati ali ndi mlamu wawo wodziwa galimoto, kapena dalaivala wa ku ofesi amene wayendetsa zaka 20. Uphungu wa anthu otere ngwabwino ndipo suyenera kunyozedwa, koma kuyendetsa ndi kuunika ndi ntchito ziwiri. Ndiponso munthu amene wabwera mwaulere sangadzudzulidwe zinthu zikalakwika. Iye adzangoti anayesetsa. Mmisiri wolipidwa ayenera kulemba zimene wapeza pa pepala, kusainira, ndi kutchula mtengo wokonzera chilichonse. Pepala limenelo ndi chida pokambirana mtengo. Ngati pakufunika mabuleki atsopano, matayala awiri ndi lamba wa taimingi, amene pa injini zambiri amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, wogula ali ndi chifukwa chomveka chotsitsira mtengo, ndipo nthawi zambiri ndalama zimene wachotsetsazo zimaposa zimene analipira mmisiri.

Kunena zoona, pali madandaulo ena amene ali ndi maziko. Munthu akhoza kulipira mmisiri katatu pa magalimoto atatu osagula ngakhale imodzi, ndipo kwa wolandira malipiro a mwezi zimenezi zimapweteka. Yankho lake nlakuti wogula ayambe wasefa yekha zimene diso lake lingathe kuona, ndi kuitana mmisiri pa galimoto yokhayo imene watsimikiza mtima kuti akhoza kuigula. Nzoonanso kuti mmisiri sangaone zonse. Palibe munthu angalonjeze kuti chitsulo cha zaka 12 sichidzathyoka. Ndipo nzoona kuti alipo amakaniko ena amene amadya mbali ziwiri, kulandira kwa wogula masana atalandira kale kwa dobadoba m'mawa. Pa chifukwa ichi mmisiri amene wogulitsa akumuloza, ngakhale atakhala wa mbiri yotani, sayenera kugwiritsidwa ntchito. Wogula afufuze yekha galaja imene ili ndi zipangizo ndi dzenje, makamaka yozolowera mtundu wa galimoto imene akufunayo, ndipo asatchule msanga dzina la wogulitsa.

Koma chopinga chachikulu pa zonsezi si ndalama ayi. Ndi manyazi. Magalimoto ambiri pakati pa ogwira ntchito m'Boma amagulitsidwa kwa anthu odziwana: mkulu wa ofesi akugulitsa kwa wachiwiri wake, mnansi kwa mnansi, mkulu wa mpingo kwa mkhristu mnzake. Wamng'ono amaona ngati nchipongwe kunena kuti, "Bwana, ndiloleni ndiyambe ndapita nayo kwa mmisiri." Amaopa kuti adzaoneka ngati akumuyesa mkulu wake wakuba. Choncho amagula mwaulemu, ndipo pakatha miyezi iwiri giyabokosi ikafa, ulemu uja umasanduka chidani. Anthu amene ankadyera mbale imodzi amayamba kulambalalana m'makonde a ofesi, mabanja awo naleka kuyenderana. Kawirikawiri wogulitsayo sananame nkomwe. Iyenso sankadziwa zimene zinali m'kati mwa chitsulo chake. Mmisiri akanalowa pakati pawo, ubale ukanapulumuka.

Apa akuluakulu ali ndi udindo. Munthu wa mpando, kaya ndi mkulu wa dipatimenti kaya ndi wapampando amene anthu a m'dera lake amamvera mawu ake, akamagulitsa galimoto kwa womutsatira ayenera kuyamba ndi iye kunena kuti, "Pitani nayo kaye kwa mmisiri wanu." Potero amamasula wamng'onoyo ku manyazi, ndiponso amateteza dzina lake lomwe. Ndipo mtsogoleri asamavomere kuikira umboni galimoto ya mnzake imene sanaione kunsi kwake, pakuti anthu amagula chifukwa chokhulupirira iye, ndipo zikavuta mlandu umagwera pa iye.

Wogula asadalire kwambiri kuti khoti lidzamuwombola. Lamulo la kagulitsidwe ka katundu, Sale of Goods Act, limateteza kwambiri munthu amene wagula kwa wamalonda wochita bizinesi ya katundu wa mtunduwo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza amalonda. Koma pamene munthu wagula kwa mnzake wamba, pa mgwirizano wapakamwa pansi pa mtengo wa mango, kutsimikiza kuti ananamizidwa ndi ntchito yovuta, yotenga nthawi ndi ndalama. Ndipo kukonzetsa sikulinso kotsika mtengo monga kale. Pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa May 2022, kenaka ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023. Cholakwa chimene kale munthu akanachikonza ndi malipiro a mwezi umodzi tsopano chikhoza kuimika galimoto pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku nkumaikiramo mazira, ngongole ya ku banki ikudulidwabe.

Mmisiri akamaliza, ntchito ya wogula siinathe. Nambala ya chesisi yosindikizidwa pa chitsulo iyenera kufanana ndi yolembedwa mu bulubuku, chilembo ndi chilembo, ndipo mmisiri aone ngati malo amene yalembedwawo sanapalidwe kapena kuwotchereredwa. Dzina la mu bulubuku likhale la munthu amene akulandira ndalama. Wogula apite yekha kukatsimikiza kuti msonkho wa MRA unalipidwa, kuti apolisi sakuifuna galimotoyo, ndi kuti siinaikidwe chikole pa ngongole. Nambala yomweyo imathandizanso pa nkhani ya matumba a mpweya oteteza pa ngozi a kampani ya Takata, amene anapezeka kuti ena amaphulika ndi kumwaza zitsulo, makamaka atakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyezi. Magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan ndi makampani ena anaitanidwa kuti akasinthidwe matumbawo, ndipo kampani ya Takata inagwa m'chaka cha 2017. Galimoto imene inachoka kwawo isanasinthidwe ikhoza kukhala ikuyendabe nalo thumbalo m'mbali mwa nyanja.

Kwa amene akuitanitsa galimoto mwachindunji kuchokera ku Japan, ataiona pa chithunzi chokha, mfundo ndi yomweyi koma njira ndi ina. Iye apemphe pepala la ku okushoni limene limaonetsa giredi ya galimotoyo ndi malo amene inakonzedwapo, ayerekeze makilomita ndi amene alembedwa pa chikalata chotulutsira galimotoyo m'dzikomo, ndipo ngati nkotheka alipire kuti iunikidwe isanakwere sitima. Dziko la Kenya linafika pokhazikitsa lamulo lakuti galimoto yakale iunikidwe isanatumizidwe ndi kuti isapitirire zaka 8. Ikafika kuno, ulendo wake woyamba ukhale wa ku galaja, banja lisanakweremo.

Pakuti pamapeto pake m'galimotomo mudzakwera anthu. Mabuleki amene anagwira bwino pa liwiro laling'ono m'tauni adzayesedwa zenizeni potsika Chiweta, potsetsereka Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kapena pa makona otsikira ku Thabwa, galimoto itadzaza ana ndi katundu wa ku tchuthi. Paipi ya mabuleki yodyeka ndi dzimbiri ndi kanthu kakang'ono kamene mmisiri amakaona m'mphindi zochepa ali pansi pa galimoto ndi tochi m'manja.

Pali chizindikiro chimodzi chimene wogula angachione yekha popanda chipangizo chilichonse. Akapempha kuti apite nayo galimoto kwa mmisiri wake, wogulitsa wina amapereka kiyi, mwinanso nkuperekeza. Wina amayamba kuyang'ana wotchi, nanena kuti pali munthu wochokera ku Kasungu amene akubwera ndi ndalama m'manja madzulo omwewo, ndipo galimotoyo singachoke pamalopo. Wogula amuthokoze mwaulemu wogulitsa wachiwiriyu, abweze ndalama zake ku banki, ndipo amusiyire munthu wa ku Kasunguyo.